Popita kumanda anatsogolera nyimbo, pobwerako anatenga mipini ya makasu

Nangozo: Abale ndi alongo, uthenga uwu ndaulemba n'kuufufuta kangapo, koma lero ndingoutumiza chifukwa tulo sindikuona. Sabata yatha tinaika m'manda mwana wa achimwene anga kwathu ku Ntcheu, mtsikana wa zaka 6. Anayamba kutentha thupi Lachiwiri. Mlamu wanga amapemphera kwa mneneri wina, dzina sinditchula, ndiye anandiimbira kuti nditumize ndalama zogulira mafuta odzozera ndi madzi a kwa mneneriyo. Ndinatumiza K25,000 pa foni, osafunsa n'komwe ngati mwana amuonetsa kuchipatala. Masiku atatu akumudzoza ndi kumumwetsa madzi aja. Lachisanu atayamba kukomoka ndi pomwe anamukweza pa njinga yamoto. Achipatala anati ndi malungo aakulu, magazi atha m'thupi, mwachedwa naye. Sanafike m'mawa.

Tili pa siwa mlamu anaimbiranso mneneri uja, iye n'kunena kuti waona dzanja la mayi wachikulire wa pabanja pomwepo. Dzina sanatchule. Koma wachikulire pakhomo pathu watsala mmodzi yekha, azakhali anga, a zaka zoposa 70, omwe anatilera ife amayi atatisiya. Pochokera kumanda anyamata anawagwira, kuwamenya ndi mipini ya makasu omwe anakumbira manda, kenako n'kuyatsa nyumba yawo. Ena mwa anyamatawo ndi a kwaya, omwe anatsogolera nyimbo tikupita kumanda. Ine ndinaima pomwepo, chitenje kukamwa, liwu osatuluka. Anawalanditsa ndi a nyakwawa pamodzi ndi mayi wina wachisilamu wogulitsa mandasi, amene anadzigwetsa pamwamba pawo kuti mipini igwere iye.

Azakhali ndabwera nawo kuno ku Ndirande, mkono uli m'chikhakha. Lamulungu likubwerali kumpingo kwathu kuli mgonero. Ndikalandire bwanji ndi manja omwewa amene anatumiza ndalama zija? Ndipo mundiuze, sabata yonse ija tinkapembedza ndani?

Mayi a Tadala: Mayo ine! Pepani achemwali, pepani kwambiri. Mzimu wa mwana uuse mumtendere. Azakhaliwo muwapepesere m'malo mwa tonsefe amene timadzitcha Akhristu. Akudya? Usiku akugona?

Nangozo: Phala lokha, pang'onopang'ono. Sakulankhula zambiri. Akungofunsa za mbuzi zawo ziwiri ndi buku lawo la nyimbo lomwe linapsera m'nyumba.

Mbale wa ku Joni: Pepani amayi, zachitikazo n'zoipa ndipo palibe angaziikire kumbuyo. Koma chonde tisathamangire kunyoza odzozedwa a Mulungu. Mwanena nokha kuti mneneri sanatchule dzina, ndipo sanatume munthu kukamenya. Mafuta ali m'Baibulo, werengani Yakobo 5:14. Pa Machitidwe 19:12 anthu ankatenga nsalu zokhudza thupi la Paulo n'kukachiritsira odwala. Nanga amenewo ankapembedza mafano? Komanso tisanamizane pano, ufiti ulipo. Eksodo 22:18 amanena poyera za mfiti. Munthu wa Mulungu akaona chinthu mumzimu akhale chete chifukwa choopa anyamata osamva?

aPhiri a ku Area 25: Achimwene a ku Joni, tiyeni tiwerenge Yakobo 5:14 yense. Akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere, amudzoze mafuta m'dzina la Ambuye. Akulu a mpingo wake, omudziwa iye ndi banja lake, amene akhoza kuona ndi maso awo kuti mwanayu akufunika chipatala lero lomwe. Mulibe mtengo m'vesimo. Mulibe botolo lokhala ndi nkhope ya munthu. Nsalu za Paulo nazo sitimva kuti ankazigulitsa, ndipo Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mulungu, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo.

Koma chimene chikundivuta ine ndi china. Chinthu chikhoza kuyamba bwino n'kudzasanduka fano. Njoka yamkuwa ija pa Numeri 21 analamula kuti ipangidwe ndi Mulungu mwini, ndipo olumidwa ankachira akaiyang'ana. Patapita zaka mazanamazana mfumu Hezekiya anaiphwanya, onani 2 Mafumu 18:4, chifukwa ana a Israeli anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Chinthu chopangidwa ndi manja a Mose, koma chinaphwanyidwa, ndipo Baibulo limamuyamikira Hezekiya. Ndiye funso si lakuti mafuta ali m'Baibulo kapena ayi. Funso n'lakuti botolo lija linakhala pa malo a ndani m'nyumba muja masiku atatu aja. Ngati mayi akuona mwana wake akupsa ndi malungo koma akuopa kupita naye kuchipatala kuti angaoneke wokayikira mneneri, botolo limenelo lafukiziridwa kale zonunkhira. Ndipo fano likalephera, olipembedza savomereza kuti lalephera. Amafunafuna woti amuloze chala.

Mbale wa ku Joni: Bambo Phiri, ndakumvani. Koma mukufuna kunena kuti tisiye kupempherera odwala, tizingodalira mapiritsi? Nanga kudalira dokotala kuposa Mulungu si fanonso?

Nasibeko: Ine ndine namwino, ndipo ndimapemphera ndisanayambe ntchito tsiku lililonse. Palibe pachipatala amene amaletsa pemphero. Pempherani muli pa njinga, pempherani muli pa mzere. Malungo timayeza ndi kadontho ka magazi a pachala, mphindi zochepa zotsatira zatuluka, ndipo mankhwala a malungo a LA m'zipatala za boma ndi aulere. Mwana akachedwa, tizilombo timaphwanya magazi, ena malungo amafika kuubongo, n'chifukwa chake amakomoka, maso kutembenuka, mano kulumana. Makolo akaona zimenezo amati wamulodza. Ayi, ndi malungo omwe aja afika poipa.

Ndionjezerepo za agogo athu. Pali matenda a ukalamba oiwalitsa. Munthu amaiwala mayina a ana ake, amadzuka usiku n'kuyamba ulendo osadziwa komwe akupita, mbandakucha n'kupezeka pakhomo pa eni, nthawi zina alibe chovala. Anthu amati wagwa m'ndege ya ufiti. Mukamuopseza n'kumufunsa kuti ndiwe mfiti eti, amavomera, chifukwa sakumva n'komwe chimene mukufunsa. Maso ofiira aja nawo ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi asanu akutiphikira nsima ifeyo. Ndasokapo mabala a agogo otere, ndipo owabweretsa amakhala adzukulu awo omwe, manyazi atawagwira mochedwa.

Abusa opuma: Ana anga, ndawerenga zonse. Nangozo mwana wanga, ndalira nawe.

Za Eksodo 22:18, vesilo lilipo, sindikukana. Koma chilamulo chomwecho chinaponyetsa miyala munthu amene anapezeka akutola nkhuni tsiku la Sabata, pa Numeri 15. Tikati tidzuke nacho chilamulocho, ndani wa ife atsale? Ndipo chilamulo chomwecho, pa Deuteronomo 19, chimakana kutsutsa munthu ndi mboni imodzi, chimafuna ziwiri kapena zitatu, oweruza afufuze bwino, ndipo mboni ikapezeka yonama ilandire chilango chomwe inkafunira mnzake. Masomphenya onenedwa pa foni si mboni. Mu Chipangano Chatsopano amatsenga alimo, koma taonani zomwe atumwi anachita nawo. Simoni anabatizidwa. Ku Efeso ochita zamatsenga anabweretsa okha mabuku awo n'kuwatentha pamaso pa anthu. Anatentha mabuku, sanatenthe munthu kapena nyumba ya munthu. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya, Ambuye anatembenuka n'kuwadzudzula.

Achimwene a ku Joni akuti mneneri sanatchule dzina. Mwana wanga, amene wauza anamalira kuti wapha ndi mayi wachikulire wa pabanja, pamudzi pomwe wachikulire ndi mmodzi, dzina watchula. Woponya nkhuni yamoto pa udzu wouma sanganene kuti ine sindinauze moto kolowera.

Nangozo wafunsa kuti ankapembedza ndani. Ndikuyankha ndi Machitidwe 14. Ku Lustra Paulo atachiritsa wopunduka, khamu linati milungu yatsikira kwa ife. Barnaba anamutcha Zeu, Paulo anamutcha Herme, wansembe n'kubwera ndi ng'ombe ndi maluwa kuti apereke nsembe. Atumwi anang'amba zovala zawo, kufuula kuti ifenso ndife anthu ngati inu nomwe. Werengani mavesi ochepa kutsogolo. Atafika ena ochokera ku Antiokeya ndi Ikoniyo n'kuwakopa, khamu linamuponya miyala Paulo, kumukokera kunja kwa mzinda poyesa kuti wafa. Zaka zanga zonse za ubusa ndaona zomwezi. Anthu amene aphunzira kugwadira munthu osafunsa, amaphunziranso kumenya munthu osafunsa. Mtima wake ndi umodzi, wosiya chikumbumtima m'manja mwa wina.

Bambo a Chisomo: Abusa, za agogo ndikugwirizana nanu. Koma ndifunse za mbava, poti nazo ndi chiwawa. Ine ndili m'gulu lolondera usiku kwathu kuno. Chaka chatha anatithyolera nyumba, mkazi wanga anamukhapa ndi chikwanje pamkono ana akuona. Wakuba mukamugwira n'kukamupereka, sabata isanathe mukumana naye pamsika ali pa belo, akukulozani. Ndiye anthu akamuveka tayala ine sindiponya nawo mwala, koma sindiletsanso. Ndine wolakwa? Mkhristu azingopinda manja mbava zikumaliza banja lake?

aMbewe: Bambo a Chisomo, pepani ndi zomwe zinaonekera amayi kunyumba. Kulondera, kugwira wakuba, kumumanga chingwe mpaka apolisi afike, palibe akukuletsani. Koma khamu likayamba kuweruza lokha silisankha. Kumbukirani 2017, mphekesera za anamapopa. Zinayambira ku Mulanje, kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka kulowa mu Blantyre. Anthu anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo, ndipo mmodzi mwa ophedwa mu Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu, amene anamutentha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi magazi opopa. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi mtsikana atafa ndi mphenzi. Madera onsewa ndi odzaza ndi matchalitchi. Omwe ankatseka misewu ndi miyala si anthu ochokera kudziko lina, ndi ife tomwe timakhala pa mabenchi Lamulungu.

Ndipo Nangozo adziwe izi. Lamulo la zaufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi muno, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kumenya ndi mlandu wina, kutentha nyumba ndi winanso. Belo si kumasulidwa, mlandu umakhala ukadalipo, koma milandu yambiri imafera m'njira chifukwa mboni sizipita kukhoti. Timaopa, kenako timati boma silithandiza.

Bambo a Chisomo: Aphunzitsi, nanga John Chilembwe? Anali mbusa, anatenga zida, lero ali pa ndalama ya K2,000 ndipo pa 15 Januwale timapuma kumukumbukira. Ndiye kuti pali nthawi yomwe Mkhristu amayenera kumenya.

aMbewe: Funso limeneli ana asukulu amandifunsa chaka chilichonse, ndipo sindiliyankha mopepuka. Chilembwe sanayambire pa zida. Anamanga sukulu ndi tchalitchi ku Mbombwe, anadandaula za thangata, za matchalitchi a anthu ake omwe ankatenthedwa m'minda ya azungu ku Magomero, ndipo mu 1914 analemba kalata yotsutsa kutengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu. Sanamveredwe. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira minda ija, n'kumudula mutu. Pa 3 Febuluwale Chilembwe naye anaphedwa, tchalitchi chake atsamunda anachigumula, otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Ine ndimamulemekeza chifukwa anakana kuti munthu wakuda ndi chinthu wamba. Koma za mutu uja mtima wanga sunakhazikikepo, ndipo sindibisa.

Chimene ndingakane kwamtuwagalu ndi kumubwereka Chilembwe kuti aphimbe zomwe timachita ife. Iye anaukira amphamvu akudziwa kuti afa. Ife timaunjikana anthu makumi asanu pa gogo mmodzi kapena pa mnyamata womangidwa kale manja. Komanso mbiri yathu ili ndi njira ina. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula boma. Analibe mfuti, anaopsezedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mipingo ina inaima nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kusankha zipani zambiri. Dziko lomwe munthu mmodzi ankaimbiridwa ngati sadzafa linagwedezeka ndi pepala lowerengedwa paguwa.

Nabanda wa ku Chipata: Moni nonse. Kuno ku Chipata nkhani yake ndi yomweyi. Ine ndikuona kuti sitinasiye zakale, tangosintha zotengera. Amayi anga ankamanga mphinjiri m'chiuno mwa mwana, ife tikumanga kachingwe ka padzanja kolembedwa dzina la mneneri amene timamutcha papa. Agogo ankatsirika nyumba ndi nyanga, ife tikumata chithunzi cha mneneri pachitseko. Kale munthu akamwalira ankapita kukaombeza kuti adziwe wamudya ndani, lero tikuimba foni kwa munthu wa Mulungu, koma funso ndi lomwe lija, wamudya ndani. Bola akale ankadziwa kuti apita kwa sing'anga. Ife tikuombeza tikuyesa tikupemphera. Ophunzira atafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona kuti wachimwa ndani, anawayankha kuti si iyeyu kapena makolo ake. Ife yankho limenelo silitikwanira, imfa iliyonse tikufuna ikhale ndi mwini wake. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene akuvumbwa ndi ana athu ndi agogo athu.

Mnyamata wa ku Zomba: Koma ngati tikukamba za mafano tisazungulire. Mafano enieni ali m'matchalitchi momwe anthu amagwadira zosemasema za Mariya. Eksodo 20:4 ndi yomveka.

Nachisale: Achimwene, ine ndine Mkatolika, ndikuyankhani mwaulemu. Ife timaphunzitsidwa kuti wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Amayi Mariya ndi oyera timawalemekeza ndi kuwapempha kuti atipempherere, ndipo chosema ndi chokumbutsa chabe. Mukhoza kusagwirizana nazo, mkangano umenewo ndi wa zaka mazana ambiri ndipo sitiumaliza usiku uno. Ndivomerezanso kuti Mkatolika amene wapachika kolona m'galimoto ngati chithumwa, osapemphera nayo, ali m'dzenje lomwe a Phiri anena lija.

Koma musaganize kuti ndikutchinjiriza mpingo wanga. Mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, unatichititsa manyazi tonse. Mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo panali wansembe wathu, wapolisi ndi wachipatala. Anthu ophunzira, koma anakhulupirira kuti m'mafupa a munthu muli chuma. Pa Akolose 3:5 Paulo amati dyera ndiko kupembedza mafano. Fano limenelo silisemedwa ndi mtengo, ndipo limadya anthu.

aPhiri a ku Area 25: Zikomo Nachisale. Mnyamata wa ku Zomba, nkhani ya zosema tidzaitsegulire tsiku lake. Lero mlongo wathu ali ndi maliro ndi wodwala m'nyumba. Anamenya azakhali ake sanafunsidwe kuti ndi a mpingo uti.

Mayi a Tadala: Poti tikuulula, nanenso ndiulule. Ndakhala mlangizi wa mabanja kumpingo kwathu zaka zambiri. Mtsikana wina anabwera kwa ine katatu, ulendo wachitatu diso litatupa, mlomo utang'ambika. Mwamuna wake anali ndi udindo mumpingo, wopereka chakhumi mokhulupirika, wotsogolera mapemphero a m'milaga. Ndinamuuza zomwe nanenso ndinauzidwa pa chilangizo changa, kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula, usachititse manyazi mpingo. Ndinamupempherera n'kumubweza. Ulendo wachinayi sanabwere kwa ine, ndinakamuona kuchipatala atapita padera.

Nditamva a Phiri akunena za njoka yamkuwa ndadzifunsa kuti ine ndinkafukizira chiyani. Linali dzina labwino la mpingo. Chinthu chabwino ndithu, koma ndinaliika pamwamba pa thupi la mwana wa eni. Panopa mayi akabwera ndi mabala ndimavala nsapato n'kumuperekeza ku Victim Support kupolisi, pakuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, kenako nkhani ndimaitengera kwa akulu a mpingo, wolakwa akhale ndi udindo kapena ayi. Aefeso 5 timakonda kuwerengera akazi vesi 22. Vesi 25 ndi 28 amunawo timawawerengera liti?

Mbale wa ku Joni: Ndinakhala chete chifukwa ndimawerenga mobwereza. Ufiti ndikukhulupirirabe kuti ulipo, ndipo aneneri oona ndikukhulupirira kuti alipo, pamenepo musandikakamize. Koma ndinene chilungamo. Kuno ku Joni tinaona mbusa wa ku Limpopo mu 2016 akupopera anthu Doom kumaso, anthu n'kumati ameni, mpaka khoti linadzamupeza wolakwa. Tinamva za ku Shakahola ku Kenya mu 2023, komwe anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene akuti anauzidwa ndi mbusa wawo Paul Mackenzie kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu, ana ali momwemo. Nthawi zonse ndinkati amenewo ndi ena, wanga ndi woona.

Usiku uno ndayang'ana m'chipinda changa. Chithunzi cha papa chili pamwamba pa bedi, china m'chikwama cha ndalama, china pa foni. Chinthu chikandivuta ndimayamba kufuna nambala yawo ndisanagwade. Mwezi wathawu ndinabzala mbewu, chopereka cha R500 kwa papa, pomwe amayi anga kumudzi anandipempha ya feteleza ndinawauza kuti zavuta. Ndipo ndadzifunsa kuti papa atandiuza kuti amene akutseka mwayi wanga ndi amayi anga, ndingatani? Ndachita mantha chifukwa yankho silinabwere msanga. Korneliyo atagwada pa mapazi a Petro, Petro anamudzutsa. Ine ndagwada kangapo pa mapazi a munthu, ndipo sanandidzutsepo.

Abusa opuma: Mwana wanga wa ku Joni, Mulungu akudalitse chifukwa cha mawu amenewa. Uwaimbire amayi ako mawa m'mawa, zinazo zidzatsatira.

Nangozo, za mgonero. Gome lija si la anthu osalakwa. Petro anaima pa moto akuotha, Mbuye wake akumenyedwa, n'kumukana katatu, ndipo anabwezedwa. Ndalama unatumiza chifukwa chokonda mwana, sunamuphe ndiwe. Koma kukhala chete kuja ukukudziwa wekha kuti kukukulemera, ndiye usakunyamule mpaka Lamulungu. Mateyu 5:23 ndi 24 akuti ukakumbukira paguwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, yamba wapita kwa iye. Mbale wakoyo ali m'nyumba mwako momwemo. Khala pansi pamphasa, uwauze azakhali zonse, za ndalama ndi za chitenje kukamwa, uwapemphe akukhululukire.

Kenako nkhaniyi isathere pa pemphero lokha. Kalata ya kuchipatala ya mkono uja isungidwe. Kupolisi kupitidwe, ndipo iwe unaona ndi maso, ukhale mboni. Kukhululuka sikuletsa zimenezo, Aroma 12 amatiletsa kubwezera tokha ndipo Aroma 13 amapereka ntchitoyo kwa olamulira. Abusa a mpingo wa anyamata aja auzidwe, anyamatawo asaimirire kutsogolo ndi nyimbo ngati palibe chachitika. Aitanidwe ku bwalo la mpingo, ndipo kulapa kwawo kuoneke ndi njerwa ndi udzu, amange nyumba yomwe anatentha. Mlamu wako usamutaye. Wataya mwana, ndipo tsiku lomwe adzazindikire za masiku atatu aja adzafuna munthu womugwira dzanja. Mayi wa mandasi uja ukamuthokoze pamaso pa anthu.

Bambo a Chisomo: Abusa, za mbava mtima wanga sunaphwe, ndisaname. Koma Loweruka tili ndi msonkhano wa olondera, ndikanena kuti wogwidwa azimangidwa chingwe basi, ndipo ine ndidzaima pakati. Nangozo, ndili ndi malata asanu ndi limodzi otsala pomwe ndinkafolera khitchini. Ngati nyumba ya azakhali imangidwe, atengeni.

Nachisale: Ine ndigula buku la nyimbo. Mungondiuza kuti ndi la mpingo uti, komanso ngati akufuna la zilembo zikuluzikulu.

Nasibeko: Chikhakha chisanyowe, ndipo zala zikayamba kutupa kapena kuchita dzanzi musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani nawo pomwepo.

Nangozo: Zikomo nonse. Dzulo usiku ndinachita zomwe abusa ananena. Ndinakhala pansi n'kuwauza azakhali zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinakuona, mwana wanga. Ndinkakuyang'ana iweyo." Ndinalira mpaka ana anadzuka. Atatero anandisisita kumutu ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti ndidzuke ndikawaphikire phala.

Za kupolisi poyamba anakana, akuti mmodzi mwa anyamatawo anamulandira ndi manja awo tsiku lobadwa. M'mawa uno avomera kuti tipite, koma akuti ndikanene ndine, iwo akangoonetsa mkono. Kumudzi akuti sakufuna kubwererako msanga, koma manda a mwana akufuna adzawaone, poti tsiku lija sanapatsidwe mpata woponya dothi. Achimwene foni yanga sakuyankha. Mlamu anayankha kamodzi, osalankhula, ndinkangomva kupuma kwake, kenako anadula. Ndiyesanso madzulo ano.

Nachisale, ndi la CCAP, la zilembo zikuluzikulu likhala bwino. Bambo a Chisomo, malatawo sungani kaye mpaka ndikaonane ndi a nyakwawa Loweruka. Mbuzi imodzi akuti yapezeka kwa mayi wa mandasi uja, anaimangirira kuseri kwa nyumba yake usiku womwe uja. Inayo sinaoneke.